Mwaika chip pa pikiapu ya dizilo ya otomatiki? Yezani kaye line pressure musanaikweze

Tsiku lina anandibweretsera Ranger ya 3.2 ya otomatiki, mwini wake akuti "achimwene, giya 5 ikumakhala ngati ikuganiza kaye isanalowe". Galimotoyo anali ataiikitsa chip, kabokosi koonjezera mphamvu, ku Joni, kaja kongolumikiza pa waya wa sensa, nde amakoka nayo thirela ya feteleza kukwera Khwekhwelere sabata ndi sabata osamva kanthu. Titamasula pani ya pansi oyilo anatuluka wa bii ngati wa mu injini, fungo lake ndendende nkhoko zopserera, pa maginito paja pali phala lokhuthala loti ukalipaka pa zala likunyezimira. Bwanawo funso lawo linali limodzi, "sitingangokweza presha basi?" Ayi ndithu, apo tinali titachedwa kale, makilatchi anali atathera mu pani muja. Kukweza presha kumathandiza zedi, koma kuli ndi ndondomeko yake ndipo sikuyambira pa laputopu.

Timvane kaye kuti line pressure n'chiyani. Mu giyabokosi ya otomatiki mulibe phazi loponda kilatchi, ntchito yonse amagwira ndi oyilo. Kutsogolo kwake kuli pampu yomwe imazungulira limodzi ndi injini, imakoka oyilo mu pani kudzera pa fyuluta n'kumukankhira mu valve body, bokosi la timavalavu togawa oyilo, ndipo mmenemo muli valavu imodzi, pressure regulator, yomwe imanena kuti presha ifike pati, wotsala abwerere. Presha imeneyo ndiye line pressure, ndipo ndi yomwe imakankha pisitoni kuti ifinye mambale a kilatchi ya giya iliyonse. Masamu ake ndi osavuta, bar imodzi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi pa square centimetre iliyonse, nde tiyerekeze pisitoni ya 100 square centimetre pa 10 bar, ikufinya ndi mphamvu ya tani yathunthu, matumba 20 a chimanga atakhala pa timambale tija. Mukatsitsa kufika 7 bar mwachotsapo matumba 6. Injini ikamapota kuposa mmene matumba otsalawo angagwirire mambale amayamba kuterereka, kuterereka kumabala moto, moto n'kudya kapepala kaja kali pa mbale. Mabuku ambiri amalemba mu psi, ingokumbukani kuti bar imodzi ndi 14.5 psi.

Vuto la tune, kuchuna injini kuti ionjezere mphamvu, lili apa. Giyabokosi za masiku ano sizisunga presha pamalo amodzi, kompyuta yake, TCM, imafunsa kompyuta ya injini kuti torque, mphamvu yomwe injini ikupotera, ndi yochuluka bwanji panopa, n'kuika presha yongokwanira, chifukwa presha yambiri imadya dizilo komanso imatenthetsa oyilo. Tsono kabokosi koonjezera kaja ntchito yake ndi kunamiza kompyuta ya injini, kamaiuza kuti presha ya dizilo mu rail, payipi yogawira dizilo ku ma injector, ndi yochepa kuti ionjezere, nde injini ikutulutsa mphamvu zambiri koma iyo ikuuza TCM nambala yakale yomwe ija. Giyabokosi ikufinya ngati yanyamula katundu wa tsiku lililonse pomwe pamsana aisenzetsa wina mwakabisira. Remap, kusintha pulogalamu ya mu kompyuta ya injini, ikapangidwa mwaulesi imachitanso chimodzimodzi ngati wopangayo waonjezera dizilo osakonza matebulo a torque. Ena amachotsanso dala kaja kamene injini imadula mphamvu kwa kanthawi kochepa giya ikamasintha, akuti galimoto izimveka yaukali, koma kanthawi kameneko ndi kamene kamapulumutsa makilatchi.

Choyamba dziwani giyabokosi yanu ndi dzina lake, chifukwa njira yokwezera presha imasiyana kutalitali. Nkhani imeneyi kwawo kwenikweni ndi ku America komwe kuli zimapikiapu zikuluzikulu zija. Dodge Ram ya injini ya Cummins 5.9 inali ndi 47RE kuyambira 1996 mpaka 2002, kenako 48RE kuyambira 2003 mpaka 2007, zimenezi presha yake imayendera sipuling'i ndi chingwe cha TV, osati TV yoonera mpira ayi, ndi throttle valve, kachingwe kouza giyabokosi kuti mwaponda moto wochuluka bwanji, ngakhale 48RE zomalizira kuyambira 2005 anachotsa chingwecho n'kuikapo kamota. Itabwera Cummins 6.7 mu 2007, ya 350 horsepower ndi torque pafupifupi 880 Nm, anaipatsa 68RFE ya magiya 6 yomwe presha yake imalamulidwa ndi kompyuta kudzera pa solenoid, valavu yoyendera magetsi, ili ndi sensa yakeyake yoiyeza. Ford Power Stroke inali ndi 4R100 pa 7.3, kenako 5R110W, ndipo kuyambira 2011 mpaka 2019 pa 6.7 inali ndi 6R140. Chevrolet ndi GMC za Duramax zinkayendera Allison 1000 kuyambira 2001 mpaka 2019, yomwe ikangoona kuti kilatchi yaterereka imadzitsekera mu limp mode, giya imodzi basi mpaka kunyumba.

Kuno kwathu Ram mungayende chaka osaiona, komanso chiwongolero chake ndi cha kumanzere, koma manambala ake ndi amene alembedwa bwino ndiye ndiwagwiritsa ntchito ngati chitsanzo. Zathu ndi Ranger ndi Hilux, zija zopangidwa ku Pretoria ndi ku Durban. Ranger ya 2.2 ndi 3.2 ili ndi 6R80, ya 2.0 bi-turbo ili ndi 10R80 ya magiya 10, Hilux 2.8 GD-6 ili ndi ya magiya 6 ya Aisin. Zonsezi ndi zoyendera kompyuta, mulibe sikuluwu yoti mupotokole, nde zili mbali imodzi ndi 68RFE.

Mukadziwa dzina, onani oyilo musanagwire china chilichonse. Apa anthu amathamangapo koma ndi pomwe pali yankho la theka la mavuto. Oyilo akachepa pampu imakoka mphepo, presha n'kumagwa makamaka pa chitunda kapena pa kona, akachuluka magiya amamupuntha mpaka thovu, thovu silifinya kanthu. Yezani galimoto ili pamalo osapendekeka, injini ikulira, oyilo atatentha. Pa 47RE ndi 48RE muike pa N osati pa P, mukayeza pa P ndodo ikunamizani. Ranger ya 6R80 kandodo kake ndi kakafupi, kali pansi m'mbali mwa giyabokosi pafupi ndi ekizozi ndiye valani magulovu, mupsa. Hilux ilibe ndodo n'komwe, mumayeza pa bawuti yosefukira pansi pa pani oyilo ali pa kutentha komwe buku lanena. Dontheza pa pepala loyera. Wofiira kapena wofiirira pang'ono ali bwino, wakuda wonunkha kupsa ndiye tsitsani pani muone. Kaphulusa kochepa kosalala pa maginito ndi kabwinobwino, giyabokosi iliyonse imakhala nako, koma tizidutswa takuda ngati masamba a tiyi ndi mbale za kilatchi zimenezo, tonyezimira ngati golide ndi mabushi, ndipo mukaona zimenezi imani pomwepo, yofunika ndi kutsitsa giyabokosi. Oyilo akhale wake weniweni, ATF+4 pa za Dodge, Mercon LV pa 6R80, Mercon ULV pa 10R80, WS pa Hilux. Uja wa mu chigubu chopanda dzina woti "ATF ndi ATF bwana, onse ndi ofiira" musiyeni pa shelefu pomwepo. Sinthaninso fyuluta, yotsekeka imatsitsa presha mwakachetechete ndipo ndi yotchipa kuyerekeza ndi zina zonse zomwe tikukamba pano.

Kenako lumikizani makina a diagnosis muwerenge makodi, a injini ndi a giyabokosi omwe, muwalembe pa pepala musanafufute. P0868 akutanthauza presha yatsika, P0869 yakwera mopitirira, P0731 mpaka P0735 akunena kuti giya yakutiyakuti liwiro lake silikugwirizana, kumene kuli kuterereka, P0741 ndi lock-up, kilatchi ya mkati mwa torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi kudzera mu oyilo. Pa 68RFE palinso P0871 yotchuka ija, kawirikawiri imaloza ku valve body yomwe mabowo ake akutha ndipo oyilo akudutsa mosayenera kupita ku kilatchi ya overdrive. Mukatero bwezerani galimoto mmene inabwerera ku fakitale, kabokosi zulani, remap ibwerere pa stock ngati n'kotheka. Ndikudziwa zimawawa, munalipira, koma mukufuna muone kaye ngati giyabokosi ili ndi thanzi payokha. Ikamaterereka ngakhale pa mphamvu za fakitale ndiye kuti vuto si tune panonso.

Tsopano geji. Mufunika geji ya oyilo yofika 300 psi, kapena tinene 20 bar kupita mtsogolo, chifukwa pa rivesi presha imakwera kwambiri ndipo kageji ka 100 psi singano yake imakapinda. Payipi ikhale ya hydraulic yeniyeni yotalika mamita awiri kapena atatu, osati ya mafuta a petulo yomangira waya. Pa thupi la giyabokosi pamakhala timabawuti totseka mabowo oyezera, buku la galaja la giyabokosi yanu likuonetsani kuti la line ndi liti, musangomasula iliyonse yomwe yakuyang'anani chifukwa zina zimagwira zinthu mkati. Pa 47RE ndi 48RE mabowo ambiri ali mbali ya kumanja, mazinga ake ndi 1/8 NPT, la line ndi la pa accumulator. Pa 68RFE pamafunika adaputa yolowa pomwe pali sensa ya presha, sensayo n'kubwerera pamwamba pake kuti kompyuta isadandaule. Tsukani malowo kaye ndi bulashi, mchenga umodzi wokha ukalowa umakakamiza valavu. Mangani ndi dzanja kenako sipanala pang'ono, thupilo ndi la aluminiyamu, mukalimbitsa ngati bawuti ya tayala ling'aluka. Payipi idutse kutali ndi ekizozi ndi propshaft, muimange ndi ma cable tie, geji muimate ndi tepi panja pa galasi la kutsogolo. Musailowetse mkati mwa galimoto, payipi ikaphulika ndi oyilo wotentha kuposa madzi a tiyi pa miyendo panu.

Yendani kaye mphindi 15 kapena 20 oyilo atenthe, wozizira ndi wokhuthala ndipo amabisa kudontha kwa mkati. Mukabwera handibuleki, miyala kapena zipika ku matayala, munthu mmodzi pa chiwongolero phazi pa buleki, ndipo pasaime munthu kutsogolo kapena kumbuyo. Lembani presha pa P, pa N, pa D ndi pa R injini ili pa idle, kenako muonjezere marevu pang'ono muone ngati singano ikutsatira. Ngati buku likufuna matayala azizungulira m'mwamba ikani pa lift kapena pa ma stand olimba, jeki yokha ayi, njerwa ayi.

Kuti muone mmene manambala amaonekera, tengani 47RE. Buku lake limati geji ili pa accumulator, injini pa 1000 rpm, giya pa 2, mwachotsa chingwe cha TV ndipo kachitsulo kake mukukankha ndi dzanja, presha iyambire pa 54 mpaka 60 psi ndipo izikwera pang'onopang'ono mpaka 90 kapena 96 psi kachitsuloko kakafika kumapeto. Pa rivesi geji imapita pa bowo la rear servo, injini pa 1600 rpm, iyambire pa 145 mpaka 175 psi n'kukwera kufika 230 mpaka 280. Mwaona kusiyanako eti, giya zopita kutsogolo zikugwira ndi 6 bar ndi kakusefukira pomwe injini yoti aionjezera dizilo ikupota ngati ya thirakitala, n'chifukwa chake giyabokosi imeneyi inatchuka ndi kupsa anthu akangoseweretsa pampu ya dizilo. Ndipo pa iyi musanaganize zotsegula pani onani chingwe cha TV chija, chikakhala cholendewera giyabokosi imaganiza kuti simunaponde moto, presha n'kukhala pansi, magiya akulowa msanga komanso mofewa. Anthu ena amasangalala nako kufewako osadziwa kuti ndi mambale akutha.

Pa zoyendera kompyuta ntchito ndi yofananiza. Makina a diagnosis amaonetsa presha yomwe TCM ikufuna, ndipo pa 68RFE amaonetsanso yomwe sensa ikuona, inu n'kuonjezera yachitatu ya pa geji yanu. Zitatuzi ziziyendera limodzi ngati ng'ombe za pa ngolo. Geji ikamanena zina sensa zina, sensa kapena waya wake ndiye wabodza. Zonse ziwiri zikamagwirizana koma zili pansi pa yomwe TCM ikufuna, giyabokosi ikulephera kupanga presha, ndipo apa kulemba nambala yaikulu mu tune n'kungotaya nthawi, ngati ikukanika 140 psi siingakupatseni 180 chifukwa choti mwaikalipira. Za stall test, kuponda buleki ndi moto limodzi mpaka pansi, pa dizilo yoonjezera mphamvu ine sindilimbikitsa. Buku likakakamiza musapyole masekondi 5, kenako N ndi marevu pang'ono kuti converter izizire.

Mayeso enieni ndi a pamsewu, chifukwa kilatchi siterereka pa galaja. Mukhale awiri, wina akuyendetsa wina maso pa geji ndi pa makina, woyendetsa asamayang'ane singano chonde. Pezani chitunda chachitali chopanda anthu ambiri, muike katundu wofanana ndi amene mumanyamula masiku onse. Lolani magiya akwere mpaka 5 kapena 6, lock-up igwire, marevu ali cha pa 1600 mpaka 2000, kenako pondani moto pang'onopang'ono mpaka pafupi ndi pomwe ingatsitse giya. Pamenepo ndi pomwe turbo imadzaza, torque ili pachimake koma pampu ya giyabokosi ikuzungulira pang'ono, ndi pomwe zambiri zimafera. Onani zinthu zitatu, presha ikukwera limodzi ndi phazi kapena ikuchedwa, slip ya converter, kuterereka kwake, ili pafupi ndi ziro kapena ikuyendayenda, komanso marevu akugwirizana ndi liwiro. Marevu akalumpha 200 kapena 300 pakati pa magiya awiri kenako n'kugwa, kapena mukamva kunjenjemera ngati mwaponda timizere ta pa rodibuloko, chotsani phazi msanga, mwapeza chomwe mumafuna, palibe chifukwa chobwereza kasanu kuti mutsimikize. Mukamaliza pa stock bwezerani tune mubwereze msewu womwewo, nde mufananize mapepala awiriwo.

Kuwerenga zotsatira sikovuta mukadekha. Presha yotsika pa giya zonse, P ndi R yomwe, yang'anani oyilo, fyuluta ndi kamphira ka pakhosi pake, pampu, kapena regulator yomwe ikukakamira. Yabwino pozizira koma ikugwa oyilo akatentha, ndi kutha kwa pampu kapena mabowo a mu valve body. Yotsika pa giya imodzi yokha, pali silo yomwe ikudontha pa njira ya kilatchi imeneyo, ndipo mukakweza presha mungokulitsa bowolo. Singano yonjenjemera kwambiri ndi mphepo mu oyilo. Presha yokwera nthawi zonse osatsika, magiya akumenya, kawirikawiri ndi solenoid kapena waya wake waduka, chifukwa giyabokosi zambiri anazipanga kuti magetsi akasowa presha ithawire pamwamba. Pokhapokha ngati pani ndi yoyera, manambala onse ali mu buku, pa stock sikuterereka koma tune ikabwerera yayamba, apo ndiye mwafika poti n'kukweza.

Pa 47RE ndi 48RE mumatsitsa pani, pa valve body pali sikuluwu ya Allen yomwe imapanikiza sipuling'i ya regulator. Poyambira pa fakitale ndi 33.4 mm kuchokera pa valve body kufika pa nati yake, yezani ndi kulemba musanaigwire kuti mukasokoneza mudziwe kobwerera. Kupotokola mobwerera kumanzere kumakweza, ndipo kuzungulira kamodzi kwathunthu kumangoonjezera pafupifupi 1.7 psi, nde musayembekezere zozizwitsa, anthu amazungulira kawiri katatu, kutseka, kuthira oyilo, kuyezanso. Amene akufuna presha yokwera zenizeni amasintha sipuling'i ndi mavalavu, kapena kugula valve body yokonzedwa kale. Koma ili ndi msampha wake, presha ikakwera kwambiri sensa ya governor, yoyeza presha yomwe imauza magiya nthawi yosintha, imaona nambala yomwe kompyuta siiyembekezera, n'kutulutsa P1763, galimoto n'kumanyamuka ndi giya yapamwamba ngati yatopa, n'chifukwa chake makiti abwino amabwera ndi kachida kothetsa zimenezo. Poti pani ili pansi kale, chunani ndi mabandi omwe monga mwa buku.

Pa 68RFE fakitale imalekezera cha pa 160 psi. Tune ya TCM imakweza pang'ono pa valve body ya fakitale, cha mu 170 kapena 180, ndipo aja omwe mumamva akunena 225 psi ndi oti anasintha kale za mkati mwa valve body, apo ayi oyilo amadutsa pomwe sayenera ndipo kambale kotseka ma accumulator kamatha kupindika. Palinso timabokosi tomwe timanamiza sensa kuti presha yatsika kuti TCM ionjezere, timagwira ntchito, koma dziwani kuti kuyambira tsiku limenelo nambala ya pa makina a diagnosis ndi yabodza, geji yokha ndiye izinena zoona.

Pa Ranger ndi Hilux nkhani yagona pa munthu wa laputopu. Mufunseni mafunso awiri musanamupatse makiyi, ngati torque yomwe injini ikuuza giyabokosi waikonza kuti igwirizane ndi yeniyeni, komanso ngati kudula mphamvu posintha giya wakusiya. Akayamba kuzungulira, kapena akati "otomatiki imadzichuna yokha bwana", tengani makiyi anu. Nthawi zambiri kungokonza nambala ya torque kumakweza presha pakokha pomwe ikufunika, popanda kukhudza china. Ngati amathanso kulowa mu TCM, akweze presha pa katundu wolemera ndi pa lock-up, pa idle ndi poyenda mtauni aisiye. Ranger 3.2 inatuluka ndi 470 Nm, Hilux 2.8 ya otomatiki 450 Nm kenako 500 Nm kuyambira 2020, ine ndimati mukamakoka thirela kaonjezedwe kakhale kofatsa, manambala odzitamira nawo pa Facebook asiyireni omwe galimoto zawo zimangopita ku car wash.

Ndipo musatengeke kuti presha yambiri ndiye chitetezo chambiri. Regulator ija ili ndi tsankho, imayamba yakhutitsa line kenako wotsala ndiye amapita ku converter, ku cooler ndi kokathirira mabushi ndi magiya. Mukaiuza kuti isunge presha yaikulu pa marevu ochepa pomwe pampu ilibe oyilo wokwanira, imatseka njira ya wotsalayo, geji ikuonetsa nambala yokongola pomwe kumbuyo ma planetary, magiya a mkati, akuyenda pouma. Kwinako giya zikamalowa ndi chibakera mphamvu yomwe kale imathera mu kuterereka imakagwera pa zitsulo, input shaft imapotoka, flexplate imang'aluka, ma snap ring amalumpha, n'chifukwa chake ku America omwe akweza kwambiri amaikanso shaft za billet, zosemedwa kuchokera ku chitsulo cholimba, ndi converter ya mambale atatu. Giya yabwino imalowa mwachangu ndi motsimikiza, mumaimva koma khosi silikugwedezeka. Matayala akamalira polowa giya 2 mwapyola.

Mukasintha chilichonse, chimodzi pa nthawi imodzi, fufutani zomwe TCM inaphunzira kale kuti iyambirenso. Pa 68RFE amati quick learn, imayeza oyilo amene kilatchi iliyonse ikufuna kuti idzaze, manambala ake ndi aja a CVI, alembeni chifukwa akamakwera miyezi ikamapita ndiye kuti mambale akupyapyala. Pa Ranger mumafufuta ma adaptive, zophunzira za TCM zija, n'kuyenda modekha, kunyamuka ndi moto wochepa mpaka giya yomaliza, kuima, kubwereza kangapo. Masiku oyamba ikhoza kumenya pang'ono, ipatseni mpata, thirela isiyeni kaye kunyumba. Kenako geji ibwerere, chitunda chomwe chija, katundu yemwe uja, pepala lachitatu. Mukamaliza chotsani geji, bwezerani kabawuti, pukutani pouma, yendani pang'ono n'kusuzumiranso ngati sipakudontha, komanso yezaninso oyilo poti wina watsalira mu payipi.

Kwatsala phazi lanu. Pokwera Chiweta kapena pochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre muli ndi katundu, musasiye pa D kuti izikoka ndi giya 6 pa marevu 1500, tsitsani nokha pa 4 kapena 3, kapena dinani tow/haul ngati ilipo, marevu akhale cha pa 2500, pampu izizungulira bwino ndipo makilatchi apume. Ikani kowerengera kutentha kwa oyilo wa giyabokosi, ngakhale kaja ka OBD kolumikiza ku foni kakwanira. Ine pakati pa 70 ndi 95 digiri sindidandaula, ikadutsa 110 ndimachepetsa moto, ikamayandikira 120 ndimapatuka n'kuika pa N kapena P injini ikulira kuti oyilo azizungulira mu cooler, kuzimitsa injini pamenepo kumangosiya motowo mkati. Mukaona kuti mwezi wa Okutobala ikumafika pamenepo pafupipafupi onjezerani cooler ina kutsogolo kwa radiyeta, ndipo oyilo muzisintha msanga kuposa mmene buku likunenera, zija zoti ndi wa moyo wonse analembera galimoto yopanda chip.

Ranger ija tinaitsitsa, mambale a kilatchi imodzi anali atasanduka zitsulo zokhazokha zabuluu, converter nayo tinasintha ndipo cooler tinaitsuka kawiri kuti zinyalala zisabwerere. Kabokosi kaja bwanawo anakatenga m'manja, kukatembenuza, n'kufunsa ngati tingakabwezeretse pa nambala yotsika. Ndinawauza kuti ayende kaye makilomita 1000 opanda kanthu kenako abwere tiike geji.